Belu la Aroma ndi ng'oma za kudambwe

Kumadzulo kwa Dowa, mwezi wa Juni, kumacha ndi chisanu choluma zala. Ukalawira m'midzi ya kufupi ndi Chisepo umakumana ndi ana m'tinjira todutsa m'minda ya fodya yomwe yatsala ziputu zokhazokha, manja atapisa m'khwapa, wina wapanira tsache, wina wasenza kachikuni, makope ali m'jumbo ya shuga. Chapatali pamamveka kulira kwa chitsulo. Si belu lenileni ayi, ndi rimu ya lole yopachika pamtengo, ndipo mnyamata amene amaimenya amaunyadira udindowo ngati ufumu. Akatha kusesa pabwalo, ana amafola mizere. Aphunzitsi aakulu akakweza dzanja pamphumi, ena amachita nawo chizindikiro cha mtanda, ena amangoweramitsa mitu. Pamzere womwewo pali mwana wa Akatolika, pali mwana wa mkulu wa mpingo wa CCAP, palinso mnyamata amene adameta kale kudambwe ndipo aliyense akudziwa.

Lero palibe amene amacheukira kawiri mzere woterewu. Koma m'masiku a azigogo athu, kuika ana atatu amenewa pamalo amodzi udali mlandu wotha kufika kwa DC ku Dowa.

Akatolika sadali oyamba kufika kuno. Mapiri a Dowa adayamba kumva belu la Adatchi. Mu 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adamanga ku Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake adatsegula Kongwe kwa Msakambewa. Mu 1889 momwemo ansembe Achikatolika a chipani cha White Fathers adayesa kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi, koma zidakanika ndipo adachokako mu 1891. Pamene ankabwerera mu 1902, kudzayamba ku Chiwamba ndi ku Mua, kenaka ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, adapeza aphunzitsi a ku Mvera ndi ku Kongwe atamwazikana kale m'midzi yambiri. Kwa zaka zoposa makumi awiri, Mkatolika wa kumadzulo kwa Dowa ankaona wansembe mwa apo ndi apo, akabwera paulendo wochokera kutali. Mishoni ya Nambuma idatsegulidwa mu 1928, ya Mpherere ku Ntchisi mu 1939, ya Madisi mu 1957. Kuchokera m'malo amenewa ndi momwe timasukulu ta Aroma, monga anthu ankatitchulira, tidafalikira mpaka kufika m'midzi ya kwathu kuno.

Tikamati sukulu tisaganize za njerwa ndi malata. Idali nyumba ya mitengo ndi dothi, yofolera udzu, mipando yake zipika kapena timizere ta dothi toumba. Lamulungu nyumba yomweyo inkasanduka tchalitchi. Mphunzitsi adali yemweyo katekisiti: m'mawa amaphunzitsa a, e, i, o, u ndi kuwerengera, madzulo amaphunzitsa katekisimu kwa akulu ofuna ubatizo, usiku amadzutsidwa kukabatiza wodwala amene watsala pang'ono kutsirizika. Mkazi wake ankalima ndi kusinja pamodzi ndi amayi a m'mudzimo, ndipo khalidwe la banja lakelo ndilo linkalalikira kwambiri kuposa ulaliki wa abambo a ku mishoni. Mayina a ansembe Achizungu adalembedwa m'mabuku, ena mpaka adasanduka mayina a malo, monga Guilleme ku Mchinji. Mayina a aphunzitsi a m'midziwa adatsalira pakamwa pa zidzukulu zawo. Zimandiwawa, chifukwa sukulu ya Akatolika kuno adaisenza pamutu ndi iwowa.

Kuti mphunzitsi akhale pamudzi pankafunika chilolezo cha amfumu, ndipo apa ndi pomwe padabadwira mpikisano woopsa. Mudzi ukalandira mphunzitsi wa Adatchi, Aroma ankathamangira mudzi wotsatira, ndipo Adatchi nawo ankachita chimodzimodzi. Mafumu ena ochenjera ankagwiritsa ntchito mkanganowu pothana ndi anzawo: mnzako amene ukulimbana naye malire akatenga Adatchi, iwe ukatenge Aroma. Mpikisanowu udachulukitsa timasukulu, zimenezo nzosatsutsika. Koma tinene zoona, m'masiku amenewo mwana ankaoneka ngati nambala ya m'kaundula yoti mpingo uwu upose mpingo uwo. Funso loti mwanayo wadya kapena ayi, wagona bwanji, akuopa chiyani, lidabwera mochedwa.

Mdani wamkulu wa belu, komabe, sadali Mdatchi. Idali ng'oma. Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa gule wamkulu, ndipo Achewa adali nayo kale sukulu yawo: dambwe la anyamata ndi tsimba la atsikana, namkungwi ndi aphungu ali aphunzitsi. Kumeneko mwana ankaphunzira ulemu kwa akulu, mwambo wa maliro, kasungidwe ka banja, ndi malo ake pakati pa amoyo ndi makolo amene adatsogola. Ansembe atafika adati zonsezo nza Satana, ndipo wofuna ubatizo azisiye. Akuluakulu a mzinda adaona bwino lomwe kuti kanyumba kaudzu kaja sikadabwere kudzaphunzitsa zilembo zokha, kadabwera kudzalanda ana. Adayankha mwa njira yawo. Anyamata adayamba kuwameta adakali aang'ono, mphunzitsi asadawafikire. Gule ankatha kutuluka nthawi ya maphunziro, ana nkubalalika. M'zaka za m'ma 1920 mikangano ya nyau ndi amishoni m'chigawo chapakati idafika pomasumirana kwa atsamunda, ndipo Ian Linden adailemba mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi kukana kwa Achewa. Pabwalo padatulukanso zilombo zatsopano: Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya, Yosefe. Achewa adatenga anthu a m'tchalitchi nkuwavinitsa pafumbi, kuti mudzi uwaseke, uwazolowere, usawaope.

Ndimaganizira kawirikawiri za mwana wa nthawi imeneyo, wa zaka khumi, ali pakati. Aphunzitsi akuti ukapita kudambwe ukapsa kumoto wosatha. Atsibweni ake akuti ukapanda kupita ukhala mwana mpaka imvi, sudzayandikira manda, sudzadutsa pamene zilombo zili. Mbali zonse ziwiri zinkamufunira zabwino monga zinkadziwira, ndipo mbali zonse ziwiri zinkamuopseza. Ndatchula atsibweni dala. Kwa Achewa mwini mbumba ndi mlongo wa mayi, ndipo bambo amene ali pachikamwini mawu ake pa ana adali ochepa. Wansembe ankatha kumvana ndi bambo wobatizidwa kuti mwana ayambe sukulu, osadziwa kuti wakambirana ndi mlendo pamudzipo.

Kwa atsikana njira idali yopapatiza koposa. Mtsikana akangotha msinkhu, anamkungwi amamutenga, ndipo posakhalitsa banja limatsatira. Apa ndi pomwe asisiteri adasintha zinthu. Mu 1929 Ambuye Mathurin Guillemé adayambitsa chipani cha asisiteri Achimalawi a Tereza Woyera, ndipo kuona mwana wamkazi wa Mchewa ataima kutsogolo kwa kalasi, choko kumanja, chidali chiphunzitso chachikulu kuposa zolembedwa pabolodi. Mpaka lero ku Nambuma kuli sukulu ya anyamata ndi ya atsikana, chizindikiro cha nthawi imene mishoni idaona kuti mtsikana akufunika malo akeake. Pang'ono ndi pang'ono mipingo idazindikiranso kuti kungoletsa chinamwali sikuthandiza, idasankha amayi achikhristu okhwima kuti akhale alangizi, ntchito ya anamkungwi nkulowa m'tchalitchi itavala mpango wina.

Chimene chidafewetsa mitima ya midzi sichidali ulaliki. Idali kalata. Amuna ambiri a kuno adapita kutheba, kumigodi ya Joni ndi m'mafamu a Rhodesia, ndipo nkhani zawo ndi tindalama tawo zinkabwera m'envulopu. Agogo anga aakazi ankasimba kuti kalata ikafika ankapita nayo kwa aphunzitsi, nkugwada pakhomo. "Odi aphunzitsi, abambo a kunyumba alemba, tandiwerengerani." Aphunzitsi amawerenga mokweza, mkazi wawo ali pomwepo akupeta, ndipo dzuwa lisadalowe mudzi wonse umakhala utadziwa kuti kwabwera ndalama zingati ndi mawu ati amene mwamuna wauza mkazi wake. Tsiku lina agogowo adabwerera kunyumba nkukapeza achimwene awo pansi pa nkhokwe. "Achimwene, mphwanu uyu ayambe sukulu. Ndatopa nkuvulidwa pagulu." Atsibweniwo adali munthu wa gule weniweni, koma adavomera, nkuwonjezera kuti kudambwe apitabe. Mnyamatayo adapita konse kuwiri.

Fodya naye adalowererapo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene A.F. Barron adafalitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi pakati pa alimi a ku Lilongwe ndi Dowa, ndipo boma lidakhazikitsa bungwe loona za fodya wa eni dziko mu 1926, mlimi adafunika kudziwa manambala a pasikelo kuti asaberedwe. Koma fodya yemweyo ndi amene wakhala akuba ana m'kalasi kwa zaka zana tsopano. Nazale imafuna wothirira, nthawi yothyola ndi yosoka imafuna timanja tambiri, ndipo mphunzitsi aliyense wa kuno amadziwa miyezi imene kaundula amadzaza ndi zizindikiro za ojomba.

Boma la atsamunda lidachedwa kwambiri kulowa m'nkhani ya maphunziro. Poyamba linkangopereka mapaundi 1,000 pachaka kuti mishoni zonse m'dziko muno zigawane. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo kuyambira pamenepo thandizo lidayamba kutsata sukulu zokhala ndi aphunzitsi a satifiketi. Mu 1928, chaka chomwe Nambuma inkatsegulidwa, nthumwi ya Papa, Arthur Hinsley, idayendera mishoni za kuno ku Africa ndi uthenga woti ntchito ya sukulu ikhale patsogolo ngakhale kumanga matchalitchi kuchedwe. Timasukulu tambiri ta m'midzi tidatsalabe tongophunzitsa katekisimu, koma pamishoni penipeni padamera sukulu za njerwa, zokhala ndi makalasi okwera ndi malo ogona ana ochokera kutali. M'sukulu zoterezi ndi momwe mudatuluka aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe oyamba. Cornelio Chitsulo, wa ku Mua, adadzozedwa unsembe mu 1937, ndipo patatha zaka pafupifupi makumi awiri adakhala episkopi woyamba Wachimalawi, ku Dedza.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, malipiro a aphunzitsi, silabasi ndi mayeso zidakhala m'manja mwa boma, mpingo nkutsala ngati mwini malo ndi nyumba. Mu 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha fuko, zimene kwa mwana wa ku Dowa zidali mwayi umene anzake a kumpoto adalibe, popeza ankaphunzira m'chiyankhulo cha amayi ake. Koma fizi idalipo. Amene tidaphunzira nthawi imeneyo timakumbukira m'mawa umene aphunzitsi aakulu ankalowa ndi kope lalikulu, kuitana mayina, oitanidwawo nkutuluka mwakachetechete. Ena ankabwerera fodya akagulitsidwa. Ena sadabwererenso. Timakumbukiranso mkwapulo, umene makolo ndi aphunzitsi ankagwirizana kuti ndi mankhwala. Sindiuyamikira. Ndidaona anzanga anzeru akusiya sukulu chifukwa choopa kufika mochedwa, kwawo kuli kutsidya kwa dambo lodzaza madzi.

Munthu amene adasintha kwambiri moyo wa sukulu za Akatolika kuno sadalembe lamulo lililonse la maphunziro. Ndi Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, dayosizi yomwe Dowa ndi Ntchisi zili. Pakati pa 1973 ndi 1975 adayendetsa msonkhano waukulu wa dayosizi yonse, wofika mpaka kwa akhristu a m'midzi, ndipo m'menemo mudabadwa miphakati. Ganizo lake lidali lakuti mpingo si abambo a ku mishoni ndi galimoto lawo, koma mabanja oyandikana amene amapemphera pamodzi, kuyendera odwala awo ndi kudzisenzera okha katundu wawo. Boma la Kamuzu lidakayikira timagulu tokumana m'midzi timeneti, ndipo Kalilombe adakakamizika kuchoka m'dziko muno. Miphakati idatsala. Ndipo kumene idagwira mizu, sukulu idapeza eni ake. Mphakati uwu uumbe njerwa zakuti, mphakati uwo ututa mchenga, amayi atunge madzi, abambo atenthe uvuni. Mwana wamasiye akasowa yunifolomu, nkhani yake imakambidwa pamkeka, pakati pa anthu omudziwa dzina ndi mbumba yake.

M'kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, imene idagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, maepiskopi adadandaulanso za sukulu: kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku. Patangotha zaka ziwiri, mu 1994, boma latsopano lidathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Kudali kumasulidwa kwenikweni, ndipo amene amanyoza chisankho chimenechi sadaonepo mwana akutulutsidwa m'kalasi chifukwa cha makobidi. Koma ana adachuluka pamene zipinda zidali zomwezija. Makalasi adasamukira pansi pa mitengo, aphunzitsi zikwizikwi adalembedwa ntchito asadaphunzire za uphunzitsi, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 1 adapezeka ali ndi ana oposa zana, osatha nkuwadziwa mayina. Padalowanso mawu ena owononga: popeza sukulu ndi yaulere, ndi ya boma, ndiye boma likonze lokha. Makomiti ambiri adavutika kuitanira anthu kuchitukuko. Mpingo nawo udadandaula kuti dzina la woyera mtima lili pachikwangwani, koma mawu ake posankha aphunzitsi aakulu ndi ochepa.

Kenaka idabwera njala ya 2002. M'chigawo chapakati anthu adadya zitsa za nthochi ndi gaga, ndipo makalasi adatsala pululu. Chaka chimenechi chidaphunzitsa aliyense chinthu chimene amayi ankachidziwa kalekale, kuti mwana wanjala samva. Bungwe la Mary's Meals, limene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adayambitsa ataona njala imeneyi kuno ku Malawi, lidatenga dzina la Amayi Maria, ndipo chakudya chake ndi phala la chimanga ndi soya lodziwika ndi dzina la mishoni ina ya Akatolika, Likuni. Si sukulu zonse zimene phala lidafika, ndipo zina zimadalira munda wa sukulu ndi zopereka za makolo. Kumene liliko, pita mbandakucha ukaone. Amayi odzipereka afika kale mdima usadachoke, zitenje zokutira mpaka kumutu, utsi uli m'maso, akuvundula mphika waukulu ndi mthiko wofika pachifuwa. Salipidwa. Mwana aliyense ali ndi kapu yake yomangirira chingwe, ndipo ukayang'anitsitsa uona wina akumwa theka nkubisa theka lina pansi pa malaya, la mng'ono wake amene watsala kunyumba. Mayi wina akamuona samukalipira, amangoti, "Bwera kuno mwanawe," nkumuwonjezera chipande china.

Pa zonse zimene sukulu za Akatolika zimadzitamandira nazo, mwambo, kukhoza mayeso a Sitandade 8, kwaya ya ana pa Misa yotsegulira teremu, ine ndimaona chachikulu chili m'tinthu totere. Mwana akaferedwa, kalasi yake yonse imapita kusiwa, aliyense ndi chikuni chake, aphunzitsi ali patsogolo. Mtsikana akasowa sabata yathunthu, amayi a gulu loona za atsikana amakagogoda kwawo, ndipo ngati nkhani ndi mimba, amakumbutsa makolo kuti kuyambira 1993 lamulo limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Ngati nkhani ndi banja, amapita kwa amfumu, popeza kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Pali pena pamene Akatolikafe tidalakwitsa: mtsikana wotenga mimba tinkamuchititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse, mnyamata kapena bambo wamkulu amene wamuchimwitsa akuyenda mutu uli m'mwamba. Khalidwe limenelo silidatheretu. Ndipo zimbudzi za atsikana, chipinda chosinthira, mjigo wapafupi, ndi nkhani za chikhulupiriro monga momwe ilili katekisimu, ngakhale sizikambidwa paguwa.

Nanga ng'oma ija? Mpingo udayamba kuyang'ana gule ndi maso ena. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adatsegula malo a KuNgoni mu 1976, kumene zigoba za nyau zimasungidwa ndi kufotokozedwa pabwalo la mishoni lenileni, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu pakati pa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Kusamvana sikudathe, Mkatolika wovina amaimitsidwabe masakramenti m'maparishi ambiri. Koma mafumu ambiri a ku Dowa ndi Ntchisi adagwirizana kuti zinamwali zizichitika patchuthi, ndipo m'midzi ina adapanga chinthu chimene katekisiti wa 1928 sakadachilota.

Ndidachiona ndi maso anga m'mawa wina, sabata yoyamba ya teremu. Rimu ija isadalire, kudamveka kukuwa kumapeto kwa mudzi. Zilombo ziwiri zidatulukira kuseri kwa zigafa, matope thupi lonse, zikwapu m'manja, zikuyenda khomo ndi khomo mwa lamulo la amfumu. Ana amene adati lero akathirira dimba adatuluka liwiro, wina malaya ali kumanja, wina akulira, amayi awo akuseka ndi kuwomba m'manja. Mtima wanga udagawanika, chifukwa mantha ndi omwe aja adazunguza agogo athu, angotembenuka kumene akuloza. Zilombozo zidathamangitsa anawo mpaka pamtanda wa simenti umene uli polowera pasukulu, zidaima pomwepo osadutsa. Aphunzitsi aakulu adatuluka mu ofesi, adayandikira mwaulemu, nkuponya kandalama pansi monga mwambo umanenera. Chilombo china chidawerama nkutola, chidagwedeza mutu, ndipo zonse ziwiri zidatembenuka kulowera kumanda. Anawo, befu ali m'khosi, adatola matsache awo nkuyamba kusesa.